Zoyenera kufufuza musanasamukire kudera la anthu opeza bwino kunja kwa mzinda

Madera a anthu opeza bwino amene ali m'mphepete mwa mizinda, komwe nyumba zimakhala zotalikirana ndipo kuseri kwa mpanda kumaoneka minda, amakopa ambiri chifukwa cha bata ndi malo otakasuka. Komabe amene akulingalira zosamukirako adziwe kuti ntchito zambiri zimene khonsolo imagwira m'kati mwa mzinda, kumeneko zimagwera mwini nyumba.

Yambani ndi ulendo wa kuntchito, ndipo muuyeze ndi wotchi. Otsatsa nyumba amakonda kutchula nthawi imene munthu amayenda msewu uli pululu, choncho yendani nokha Lolemba m'mawa, mubwererenso madzulo anthu akuweruka, ndipo ngati nkotheka muyesenso tsiku la mvula. Kenaka werengerani. Ngati mtunda uli makilomita 40 ndipo mumagwira ntchito masiku 240 pachaka, galimoto idzayenda makilomita 19,200 popita ndi pobwera, osawerengera maulendo a kusukulu ndi kogula zinthu. Ola limodzi popita ndi lina pobwera ndi maola 480 pachaka, omwe ndi masiku 20 athunthu. Kumene mabasi kapena sitima sizifika, banja limakakamizika kukhala ndi magalimoto awiri.

Nkhani yofunika kuifatsira kwambiri ndi ya madzi. Funsani ngati nyumbayo ili pa mapaipi a madzi a boma kapena imadalira chitsime chakechake. Ngati ndi chitsime, palibe wina amene adzakuyezereni madziwo, ndiye atumizeni ku labotale musanagule nyumba, kenaka kamodzi chaka chilichonse. Kufupi ndi minda, feteleza ndi ndowe zimalowetsa mankhwala otchedwa nitrate m'madzi apansi. Bungwe la World Health Organization limati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita, chifukwa ndi oopsa kwa makanda, ndipo kuwiritsa madzi sikuwachotsa ayi. Kumbukiraninso kuti pampu imayendera magetsi, moti akathima mipope imauma, pokhapokha mutakhala ndi thanki yosungira madzi, sola kapena jenereta.

Zonyansa za m'nyumba nazo nthawi zambiri zimapita m'sepitiki thanki. Mmenemo zolemera zimadikha pansi, tizilombo timaziwoletsa, ndipo madzi amatuluka nkumalowerera m'nthaka. Thanki yotere imafunika kupopedwa pakatha zaka 3 mpaka 5, malinga ndi kukula kwake ndi kuchuluka kwa anthu m'nyumba. Pemphani malisiti a kupopa komaliza, ndipo muyende pabwalo kuti muone nokha. Malo amene kapinga wabiriwira kuposa pena ponse, dothi lili lonyowa kukuwala dzuwa, kapena pakumveka fungo, akusonyeza kuti madzi sakulowerera bwino, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zambiri. Mukasamuka, musathire mafuta ophikira m'sinki, musaimike galimoto pamalo pomwe pali thankiyo ndi mapaipi ake, komanso musadzalepo mitengo, popeza mizu imaboola mapaipi.

Loya wanu aone mapepala a malo kuti mudziwe mwini wake wa msewu wofika pageti. Ukakhala wa eni nyumba, kukwirira maenje nkwanu. Madera ambiri otere ali ndi bungwe la eni nyumba lomwe limatolera ndalama ndi kuika malamulo okhudza kutalika kwa mpanda, ziweto, ngakhale mtundu wa penti. Werengani malamulowo musanasaine, chifukwa mukasaina amakumangani. Pitaninso ku ofesi yoona za mapulani mukafunse za munda umene mukuusirira pawindo. Si wanu, ndipo mwina unavomerezedwa kale kuti pamangidwe nyumba.

Intaneti muiyese ndi foni yanu muli m'nyumbamo, mufunsenso kutalika kwa chipatala ndi ozimitsa moto, pakuti makampani ena a inshuwalansi amaganizira mtunda wokafika kwa ozimitsa moto poika mtengo.

Alimi oyandikana nawo munawapeza, choncho thirakitala yolira mbandakucha ndi fungo la manyowa si nkhani yokadandaula. Kawaoneni msanga mudziwane, chifukwa mtengo ukagwera mumsewu iwo ndi amene amakhala ndi zida zouchotsera. Ngati mukukayikabe, chitani lendi chaka chimodzi kuderalo kuti muone msewu, chitsime ndi magetsi m'nyengo zonse musanatenge ngongole yogulira nyumba.