Momwe mungadziwire komwe mfuti ya gogodera inapangidwa

Mabanja ena amasungabe gogodera wa agogo, mfuti yakale yothira onga kukamwa kwa mpope, ndipo mbiri yake imangothera poti "inachokera kwa azungu." Chitsulo chake chikhoza kukuuzani zambiri kuposa pamenepo, bola mudziwe poyang'ana.

Musanayambe chilichonse, tsimikizani kuti m'kati mulibe onga. Lowetsani ndodo yake yotsindira onga mumpope mpaka igunde, ikani chizindikiro, kenako muiyerekeze kunja. Ikapanda kufika kumapeto ndiye kuti muli kanthu, ndipo onga wakale umaphulikabe. Zikatero ilekeni, kadziwitseni apolisi. Paja mfuti, ngakhale yakale, imafuna chilolezo.

Kenako onani momwe imayatsira moto. Ngati kanyundo kake kamagwira kamwala kothetheka, kapangidwe kake ndi kakale. Ngati kamamenya kachisoti ka mkuwa, kayatsidwe kameneka sikakale kuposa zaka za m'ma 1820, ngakhale mfuti zina zakale za kamwala anazisintha pambuyo pake. Koma musafulumire kusangalala ndi ya kamwala, chifukwa mafakitale a ku Ulaya anapitiriza kupanga zoterezi n'kumadzagulitsa ku Africa ngakhale kwawo atazisiya kalekale.

Dzina lolembedwa pambali lilembeni papepala, koma musalikhulupirire. Nthawi zambiri ndi la wogulitsa. Ena a ku Belgium ankadinda "W. Richards" pa mfuti zotchipa kuti wogula aziyesa za Westley Richards wa ku Birmingham. Mawu oti TOWER, chidindo cha mfuti za boma la Britain, nawonso ankadindidwa pa mfuti zambiri zamalonda zomwe sizinagwirepo ntchito m'gulu la asilikali a Britain.

Umboni weniweni uli pa mpope, chakumbuyo, kawirikawiri kunsi kobisika ndi mtengo. Sololani ndodo, kankhani kachitsulo kopingasa komwe kamamanga mpope ku mtengo, kokerani kanyundo m'mbuyo pang'ono, ndipo pa mfuti zambiri zosakira mbalame mpope umangonyamuka. Ukakana musaukakamize, mtengo wakale umang'aluka msanga. Pukutani ndi kansalu ka mafuta. Sandipepa ayi, amafufuta zomwe mukufunazo. Unikani ndi tochi chapambali kuti tizilembo tioneke.

Mupeza zidindo za nyumba zoyesera mfuti. Zilembo ELG ndi kanyenyezi m'kabwalo kooneka ngati dzira ndi za ku Liège, ku Belgium, ndipo pamwamba pake pakakhala chisoti chachifumu, inayesedwa kuyambira 1893. Ndodo ziwiri zachifumu zopingasana, pena ndi zilembo BPC pena ndi V, ndi za ku Birmingham, kuyambira 1813 pomwe nyumba yoyesera ya kumeneko inakhazikitsidwa mpaka 1904. GP wokhala ndi chisoti pamwamba ndi wa ku London. Choncho mfuti yolembedwa "London" pamwamba koma kunsi kuli ELG ndiye kuti mpope wake unayesedwa ku Belgium. Nambala ngati 12 kapena 14 si chaka, ikunena kukula kwa bowo la mpope.

Pakapanda chidindo chilichonse, yang'anani ntchito ya manja. Osula akuno ankakonza ndi kupanga gogodera, nthawi zina n'kuphatikiza zitsulo za mfuti zingapo zomwe zinabwera ndi amalonda a minyanga ya njovu, pa mtengo wosema kumudzi. Yotereyi siikhala ndi wopanga mmodzi.

Pomaliza jambulani chidindo chilichonse pafupi, muyeze kutalika kwa mpope, zithunzizo mukaonetse a ku nyumba yosungirako zakale ku Chichiri mu Blantyre. Mfutiyo isiyeni kunyumba, ndipo musayese kuiomba.