Twaini wapiringizana pa reel yowedzera nsomba, ndimasule bwanji?

Wina wafunsa kuti nyengo yowedza nsomba za bass yayandikira koma baitcaster yake (mtundu wa reel, chipangizo chokulungira twaini pa ndodo yowedzera) ikumangopiringiza twaini akangoponya, atani? Vuto ndi loti spool (kagudumu kokulungapo twaini) imazungulira mwachangu kuposa mmene twaini akutulukira, makamaka ukaponyera kumene kukuchokera mphepo.

Choyamba osakoka mwamphamvu ayi, mungomangitsa mfundo basi. Dinani batani kuti spool imasuke, kokani twaini pang'onopang'ono mpaka pomwe wakanirira, mukayang'anitsitsa muona kalupu kamene kapanikiza mnzake, kanyamuleni ndi chikhadabo kapena kamtengo kotokosera mmano, nkukokanso. Zikakanabe mangitsani drag (chosinthira cha pafupi ndi handulo chimene chimalimbitsa twaini akamakokedwa), kanikizani chala chachikulu pa spool mwamphamvu ndithu nkupukusa handulo pang'ono, kenako dinaninso batani mukoke, kawiri katatu zimatheka, ine mpeni ndimaugwira pokhapokha zikafika povuta.

Mukamasula sinthani kanobu kolimbitsira spool ka pambali pa reel kuti mukadina batani nyambo izitsika mwapang'onopang'ono, ikagunda pansi spool iziima yokha. Twaini osadzaza mpaka pakamwa, siyani mpata wa mamilimita ngati 3. Ndipo chala chizikhala pa spool, nyambo ikatsala pang'ono kugwa mmadzi gwirani.