Momwe mungatsikire ku Boiling Pot, kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi kukweranso bwinobwino

Anthu ambiri amene amafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) kumbali ya Zambia amangoyenda m'tinjira tapamwamba, kunyowa ndi nthunzi ya madzi, kujambulitsa zithunzi, basi n'kubwerera ku tauni ya Livingstone. Koma m'kati mwa mpanda womwewo muli kanjira kena kamene kamatsetsereka m'chigwembe mpaka kukafika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Zambezi, pamalo otchedwa Boiling Pot. Kanjirako n'kakafupi, sikakwana ndi kilomita imodzi yomwe, koma munthu amatsika mamita pafupifupi 100, ndipo mamita onsewo ayenera kuwakweranso ndi miyendo yake yomweyo. Choncho pokonzekera ulendowu muziganizira kwambiri za chikweza chobwerera, chifukwa n'chimene chimagonjetsa anthu.

Poyamba sankhani nyengo ndi nthawi

Zambezi sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Madzi amachuluka kwambiri cha m'ma Marichi mpaka Meyi, makamaka mu Epulo, ndipo nthawi imeneyi nthunzi yochokera ku mathithi imagwa ngati mvula, miyala imaterera, komanso chigawo chakumunsi cha njirayi chimatha kukhala ndi madzi. Mu Okutobala ndi Novembala mtsinje umaphwera, miyala ya m'mphepete imaonekera bwino, koma dzuwa la ku Livingstone limaswa mtengo, ndipo m'chigwembemo mpweya suyenda kwenikweni pamene miyala yakuda imasunga kutentha. Kwa munthu amene akupita koyamba, ine ndimaona kuti miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yabwino, poti madzi amakhala akadali okwanira kuti munthu aone mphamvu yake, ndipo kunja kumakhala kozizirirapo.

Mwezi uliwonse umene mwasankha, lawirirani m'mamawa. Musayambe kutsika dzuwa lili paliwombo, ndiponso musayambe litapendeka kwambiri, chifukwa m'chigwembe mdima umafulumira kugwa kusiyana ndi pamtunda, ndipo chipata cholowera ku mathithi chimatsekedwa madzulo.

Kafikidwe kake n'kosavuta kufotokoza ngakhale mtunda ndi wautali. Wochokera ku Malawi amadutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami, kenako Chipata mpaka Lusaka, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika ku Livingstone pali makilomita opitirira 470. Mathithiwo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni, ndipo mataxi amapita mpaka pafupi ndi chipata. Tengani chiphaso chanu, chifukwa mtengo wolowera umasiyana pakati pa nzika za Zambia ndi alendo.

Zoti muvale ndi zoti munyamule

Nkhani yaikulu ndi nsapato. Valani nsapato zotseka, zomanga ndi zingwe, zokhala ndi mphira wa mano kunsi kwake. Mapatapata ndi nsapato zakuofesi zosalala kunsi zisiyeni kumene mwagona, popeza kumunsi kwa njirayi mumaponda pamiyala yonyowa yomera ndere, ndipo phazi likangotsetsereka pamalo otere bondo kapena kakolo ndiye amalipira. Amayi amene avala chitenje achimange mokwezako, kapena avale buluku, kuti mwendo uzitha kutambasuka podumpha kuchoka pamwala wina kupita pa unzake.

Aliyense akhale ndi madzi akumwa osachepera lita imodzi, ndipo m'nyengo yotentha awonjezere. Pansipo palibe golosale, palibe mpopi, palibe chimbudzi, tsono zonsezi muthane nazo muli pamwamba. Katundu yense aikidwe m'chikwama chakumsana chotseka ndi zipi kuti manja onse awiri akhale omasuka. Foni ikulungidwe m'kapepala kapulasitiki ngati ili nyengo ya madzi ambiri, ndipo chipewa musachiiwale.

Zakudya ndi nkhani ina, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono. M'njirayi muli anyani ambiri amene anazolowera anthu kotheratu, moti saopa kukuwa kapena kuwomba m'manja. Amadziwa jumbo, amadziwa botolo la zakumwa zotsekemera, ndipo amadziwanso kuti mwana ndiye wosavuta kumulanda. Nyani wamphongo amatha kukhala pakati penipeni pa sitepe, mwendo wina atautambasula, akudzikanda pamimba, maso ali pa dzanja lanu limene lanyamula chinthu. Mukakumana naye imani kaye chapatali, musamuyang'anitsitse m'maso, musamugende, ndipo dikirani kuti asunthe yekha kapena mudutse pamodzi ndi anthu ena monga gulu. Akagwira jumbo yanu mutayireni, chifukwa mano ake ndi aatali ndipo palibe chakudya chimene chingafanane mtengo ndi chilonda cha kulumidwa. Chabwino koposa ndi kudyeratu musanalowe, osanyamula chilichonse chooneka kapena chonunkhira. Kuwapatsa chakudya mwadala n'kulakwira alendo amene akubwera m'mbuyo mwanu.

Pachipata

Mukalipira, funsani ogwira ntchito mafunso awiri: ngati njira ya ku Boiling Pot ili yotsegula tsiku limenelo, ndiponso nthawi imene chipata chitsekedwe. Njirayo imayambira chapafupi ndi polowera ndipo pali chikwangwani cholozera. Musapite nokha ngati pali wina woti n'kutsagana naye. Munthu wodwala mtima, wa BP yokwera, wa mphumu kapena wovutika mawondo aganize kawiri asanatsike, ndipo palibe chamanyazi kutsala pamwamba, poti kumeneko kulinso zoona zambiri. Ana aang'ono amene angafune kuberekedwa pobwerera ndi bwino asapite.

Potsika

Chigawo choyamba chili ndi masitepe, ena aatali ena aafupi, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengeka n'kuyamba kuthamanga poona kuti thupi likupepuka. Tsikani pang'onopang'ono, mawondo atapindika pang'ono, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri pondani chammbali kuti phazi lonse likhale pansi. Siyani mpata pakati pa inu ndi amene ali patsogolo, kuti wina akaterereka asagwetse anzake. Okwera apatseni njira, chifukwa iwo ndi amene ali pantchito yolemetsa.

Mukamatsika mudzaona kuti tchire likusintha. Pamwamba pamakhala mitengo ya malo ouma, koma m'kati mwa chigwembe muli mthunzi ndi chinyezi, mitengo ya kanjedza, mikuyu ndi zilambe zolendewera, ndipo mkokomo wa madzi umanka nukula. Chakumunsi masitepe amatha ndipo njira imadutsa m'miyala ndi pakamtsinje kakang'ono. Apa gwiritsani ntchito manja, yesani mwala ndi phazi musanauikire thupi lonse, ndipo mwala wobiriwira kapena wonyezimira ndi madzi muupewe. Munthu woyenda mosafulumira amafika pansi pakatha mphindi 20 kapena 30.

Mukafika kumtsinje

Kuti mumvetse zimene mukuona, dziwani kapangidwe ka malowa. Mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pamene pali patali kwambiri madzi amagwa mamita 108. Madzi onsewo akagwera m'chigwembe choyamba amatulukira pampata umodzi wopapatiza wa mamita pafupifupi 110, kenako amakawomba khoma la mwala n'kukhota mwadzidzidzi. Pokhotera pamenepo ndi pamene anakumba dziwe lakuya, lotambalala mamita pafupifupi 150, momwe madzi amazungulira ndi kutumphuka ngati phala likamabwata mumphika. Makoma akuda amene akuzingani ndi mwala umene unachokera ku chiphalaphala cha pansi pa nthaka zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Mwalawo uli ndi ming'alu, ndipo mtsinje wakhala ukukumba m'ming'alumo n'kumabwerera chakumtunda, moti zigwembe zokhotakhota zimene zili kumunsi kwa mathithi a lero ndi malo amene mathithiwo ankagwera kalekale.

Mukakweza maso mudzaona mlatho wachitsulo wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene unatsegulidwa mu 1905 potsatira maganizo a Cecil Rhodes, ngakhale mwini wakeyo anamwalira mu 1902 asanauone. Uli pamtunda wa mamita pafupifupi 128 kuchokera pamadzi, ndipo ukauonera pansi pano ndi pamene umazindikira kukula kwa ntchito imene anthu anagwira. Mukakhala ndi mwayi mudzaona anthu akudumpha kuchokera pamlathowo atamangidwa chingwe m'miyendo, ndipo m'miyezi imene madzi aphwera, magulu opalasa mabwato a mphira amayambira ulendo wawo pomwepa kulowera m'chigwembe cha Batoka.

Tsono mverani ichi: musasambe, musaviike miyendo pamalo akuya, ndipo musakwere pamwala umene madzi akuunyambita. Nthawi zina pamwamba pa dziwelo pamaoneka bata, koma pansi pake madzi amakoka mwamphamvu, ndipo amatha kukwera mwadzidzidzi pamwala umene mphindi yapitayo unali wouma. Zinthu zimene zakokoloka pamathithi, ngakhale mitembo ya mvuu, zimatha kudzayandama pamalo ano. Opalasa mabwato aja amavala majekete oyandamitsa ndi zipewa zolimba, ndipo amakhala ndi akatswiri owatsogolera, choncho musatengere iwo. Pojambula chithunzi imani kaye pamalo ouma ndi okhazikika, ndipo musabwerere chafutambuyo maso ali pafoni. Ana agwireni padzanja nthawi yonse.

Kumbukiraninso kuti malowa ali ndi eni ake. Anthu a mtundu wa Aleya a kwa Mfumu Mukuni, amene akhala m'dera lino kuyambira kale David Livingstone asanafike mu 1855, amalemekeza mathithiwa ndi chigwembe chake monga malo a makolo awo, ndipo kuyambira 1989 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Musalembe maina pamiyala, musathyole zomera, ndipo botolo lililonse limene mwatsika nalo mukwere nalo.

Pobwerera

Musadikire kuti mutope kapena madzi akumwa athe ndiye muziyamba kukwera. Nyamukani muli ndi theka la madzi anu, ndipo dzipatseni nthawi yowirikiza kawiri imene munatsikira. Yendani ndi mapazi afupiafupi, pa liwiro loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu popanda kubanika, ndipo gulu lonse litsatire liwiro la amene akuchedwa kwambiri. Pumani pamthunzi pafupipafupi, ndipo imwani pang'onopang'ono m'malo mogugudiza botolo lonse kamodzi.

Wina akayamba kumva chizungulire, mutu, nseru kapena kukokana kwa minofu, akhale pansi pamthunzi nthawi yomweyo, amasule zovala zothina, mumuthire madzi kumutu ndi m'khosi, ndipo amwe madzi pang'onopang'ono. Paketi ya Thanzi ORS imathandiza kwambiri pamenepa ndipo silemera m'chikwama. Akayamba kusokonezeka polankhula, kukomoka kapena kumva kupweteka pachifuwa, mmodzi atsale naye ndipo wina akwere msanga kukaitana ogwira ntchito pachipata. Musamukakamize kuti angolimba mtima n'kumakwera.

Mukatulukira pamwamba khalani pansi kaye mpaka mtima ukhazikike, kenako ndiye muzipita kukaona mathithi enieniwo kudzera pakamlatho ka Knife-Edge, kumene m'nyengo ya madzi ambiri mudzanyowa thupi lonse. Ndi bwino kutsata ndondomeko imeneyi, kuyamba ndi chigwembe kukadali kozizira ndi kumalizira pamwamba, kusiyana ndi kutsika mutanyowa kale ndipo nsapato zikuterera. Ngati mukufunanso kukaima pamlatho waukulu uja, tulukani mumpanda ndipo mukaonekere ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko kumbali ya Zambia, muwauze kuti mukungofika pamlatho ndi kubwerera, ndipo pasipoti yanu ikhale m'manja.