Momwe mungabwezere mpeni wanu wa m'thumba kwa omwe anaupanga kuti akaukonze

Mpeni wopinda wogula pamsika ukathyoka timangoutaya, ndipo palibe amene amaulira. Koma ilipo mipeni ina yomwe eni ake anaipanga kuti izikonzedwa. Victorinox, yofiira ya kamtanda ija, imapangidwa ku Ibach m'dziko la Switzerland, komwe Karl Elsener anayambitsa kampaniyi mu 1884, ndipo waranti yake, lomwe ndi lonjezo la kampani lokonza zolakwika za pa fakitale, ilibe malire a zaka. Leatherman ya ku Portland, ku America, imapereka waranti ya zaka 25. Buck, yomwe fakitale yake ili ku Post Falls, ku America komweko, nayonso imati waranti yake ndi yamuyaya. Ngati mpeni wa mtundu umenewu wangokhala m'kabati chifukwa chitsulo chinathyoka kapena sipuling'i inafa, ukhoza kubwerera kwawo n'kukabwerako uli wamoyo.

Yambani mwautsuka

Mipeni yambiri yomwe anthu amati yafa imakhala kuti yangodzaza litsiro. Ulusi wa m'thumba, madzi a mango ndi nzimbe, mchenga, zonsezi zimaunjikana pomwe chitsulo chimazungulira, mpaka munthu kuthyola chikhadabo pofuna kuutsegula. Thirani madzi ofunda m'kabeseni ndi sopo pang'ono, viikani mpeniwo, kenako muzitsegula ndi kutseka chitsulo chilichonse chili m'madzi momwemo. Mswachi wakale umathandiza kufika m'makona. Mukatsukuluza, uyanikeni uli wotsegula mpaka uume ndithu, ndipo mudonthezere kadontho kamodzi ka mafuta opepuka pa mfundo iliyonse. Mafuta ophikira asiyeni, pakuti akakhalitsa amamata. Ngati mpeni wanu ndi wa mtundu wokhala ndi katochi kapena kawotchi, musauviike.

Ukayamba kutseguka bwino, ndalama ya positi yapulumuka. Ukakanabe, mwachitabe bwino, chifukwa wokonza sayenera kulandira mpeni wonunkha nsomba.

Onani ngati vutolo likufunadi fakitale

Kubuntha si chifukwa chotumizira mpeni kutsidya kwa nyanja. Mwala wonolera umatha ntchito imeneyo. Chomwe ndingakuchenjezeni ndi gurayinda ya magetsi: imadya chitsulo chambiri pa kamphindi, ndipo chitsulo chikatentha mpaka kusintha mtundu chimafewa, sichikhalanso chakuthwa nthawi yaitali. Pa Victorinox, kotokosera mano, kapani kozulira minga ndi kasipuling'i ka sizasi zimagulitsidwa pazokha, ndipo mutha kuziika nokha. Zikuto zofiira za m'mbali nazonso zimangokanikizidwa, sizifuna mmisiri.

Nkhani imasintha chitsulo chikathyokera pakati, chikamagwedera uku ndi uku, loko ikaleka kugwira, kapena sipuling'i ya kumsana ikaduka moti mpeni ukungotseguka wokha m'thumba. Mukauyang'ana mpeni wa Victorinox chakumsana muona kuti ndi wosanjikiza: chitsulo, kachipepala ka aluminiyamu, chitsulo china, ndipo zonsezo zagwidwa ndi timisomali ta mkuwa tomwe mitu yake inaphwanyidwa ndi makina. Palibe sikuluwu yomasula. Kuti musinthe chitsulo chimodzi muyenera kuboola timisomalito, kusanja zonse mwatsopano, n'kukhomanso molimba bwino, osathinitsa komanso osalekerera. Apa m'pomwe mmisiri wa pamsika, ngakhale waluso pa maloko ndi maambulera, amathera nzeru, chifukwa zitsulo zosinthira alibe.

Tsimikizani kuti ndi weniweni

Mipeni yofiira yonamizira ili mbwee, ndipo kampani sikonza chomwe sinapange. Tsegulani chitsulo chachikulu muyang'ane patsinde pake: dzina la kampani limakhala lodindidwa mozama ndi mooneka bwino. Ngati palibe dzina, kapena pangolembedwa kuti chitsulocho sichichita dzimbiri, nkhani yathera pomwepo. Amene muli ndi mpeni wa Wenger, kampani inanso ya ku Switzerland, funsani a Victorinox, chifukwa anaigula kampaniyo mu 2005.

Lemberanani nawo musanatumize kanthu

Pitani pa webusaiti ya kampaniyo mupeze tsamba la waranti ndi zokonza. Ambiri ali ndi fomu yoti mudzaze, ndipo kwa okhala kunja kwa dziko lawo amakuuzani malo oyandikira omwe amalandira katundu m'malo mwawo. Musangotenga adiresi ya fakitale n'kuponya phukusi. Jambulani mpeniwo ndi foni mbali zonse, wotseka ndi wotsegula, komanso pafupi penipeni pomwe pawonongeka. Tumizani zithunzizo ndi mafunso atatu: kodi zimenezi mumakonza, ndilipira zingati, nanga ndalama yobwezera phukusi kuno ndi ya ndani?

Nenani zoona za momwe unathyokera. Waranti imakhudza zolakwika za pa fakitale, osati kutha kwa chitsulo chifukwa cha zaka kapena kugwiritsa ntchito molakwika. Amene amakonza mipeni tsiku ndi tsiku amadziwa nsonga yomwe inathyoka potsegula chitini cha penti kapena pomasula sikuluwu. Zoterezi kawirikawiri amakonzabe, kungoti mumalipira.

Mukalandira yankho, khalani pansi muwerengetse. Kutumiza kaphukusi pa DHL kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre kupita ku Ulaya kukhoza kuposa mtengo wa kampeni katsopano ka mamilimita 58 komwe anthu amakoleka ku makiyi. Kwa Leatherman yaikulu, kapena mpeni womwe anakusiyirani malemu bambo anu, masamu ake ndi ena.

Kalata ya m'phukusi

Gawo ili ndi lomwe ambiri amalithamangira, chonsecho ndi pomwe mpeni umatayikira. Kwa kampani, njira yachangu yothetsera dandaulo lanu ndi kukupatsani watsopano, makamaka ngati mtundu wanuwo analeka kupanga. Kwa munthu amene akungofuna chodulira chingwe, imeneyo ndi mphatso. Koma ngati pa chogwirira pali dzina la agogo lomwe anazokota okha ndi msomali, kulandira mpeni wonyezimira m'bokosi latsopano ndi maliro.

Choncho lembani momveka, pa fomu komanso pa pepala lina lomwe mukulunge limodzi ndi mpeniwo, kuti mukufuna womwewo ubwerere. Tchulani zomwe asinthe ndi zomwe asakhudze: chitsulo chachikulu sinthani, zikuto zisiyeni momwe zilili ngakhale zakalikakalika. Onjezani kuti ngati sungakonzeke, aubweze osausintha ndi wina. Pemphaninso kuti zidutswa zakale zomwe achotse azibweze, ngakhale si onse amavomera. Kalatayi ikhale ya m'Chingerezi chosavuta, yaifupi, yokhala ndi dzina lanu, adiresi, nambala ya foni yoyamba ndi +265 ngati muli ku Malawi, ndi imelo yomwe mumatsegula kawirikawiri. Ngati lisiti yogulira ilipo, ikani fotokope yake, yeniyeniyo musunge.

Kumanga phukusi

Tsekani zitsulo zonse. Ngati sipuling'i inafa, mangani mpeniwo ndi labala kapena selotepi kuti usatseguke m'njira n'kucheka wogwira ntchito ku positi. Chidutswa chothyoka chikulungeni pachokha m'kakatoni. Chotsani makiyi, chingwe ndi kachikwama kake, pokhapokha ngati akuuzani kuti mutumize. Gwiritsani ntchito kabokosi kolimba, mudzazemo nyuzipepala mpaka mukagwedeza pasamveke kanthu. Envelopu wamba ayi: makina osankhira makalata amaifinya, mpeni n'kuboola pakona, kumafika envelopu yokhayokha.

Ku positi ndi msonkho

Funsani kaye ngati amene mukufuna kutumizira amalandira mipeni, chifukwa malamulo amasiyana pakati pa makampani komanso pakati pa mayiko, ndipo mipeni ina, monga yotseguka yokha mukadina batani, ndi yoletsedwa m'mayiko ambiri. Pa fomu ya kasitomu, yomwe ku positi ofesi amaitcha CN22 kapena CN23, lembani chomwe chilimo mosabisa: mpeni wopinda wakale, ukupita kukakonzedwa ndipo udzabwerera. Mukalemba kuti ndi mphatso kapena zida chabe, mwadziputira mavuto akadzatsegula. Musanatumize, funsaninso a MRA, bungwe lotolera msonkho ku Malawi, za katundu wotuluka kukakonzedwa, ndipo sungani mapepala onse, kuti pobwera muthe kuonetsa kuti si katundu watsopano. Sankhani njira yokhala ndi nambala yolondolera phukusi.

Ena amapatsira m'bale yemwe akubwerera ku Johannesburg kapena ku London kuti akautumize ali komweko, ndipo nthawi zambiri zimatsika mtengo. Mukumbutseni kuti auike m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja adzaulanda pa chipata. Wa ku Britain adziwenso kuti kumeneko mpeni wololedwa kuyenda nawo popanda chifukwa chomveka ndi wopinda, wopanda loko, wachitsulo chosapitirira mainchesi atatu. Leatherman zambiri zili ndi loko, ndiye aunyamule uli womangidwa kale m'bokosi, ulendo wa ku positi basi.

Ukabwera

Yembekezani masabata angapo, osati masiku. Phukusi likafika, tsegulani chitsulo chilichonse mumve ngati chikugwira ndi kaphokoso kake, gwedezani chachikulu muone ngati chalimba, ndipo yerekezani ndi zithunzi zija. Samalani chala, chifukwa kawirikawiri amaunola asanaubweze. Ngati pali chomwe sichili bwino, alembereni sabata yomweyo, mutatchula nambala yomwe anakupatsani pa fomu.