Momwe mungaonere ndi kukonza magetsi a galimoto yanu musanapite kwa makaniko

Amene anayendapo usiku pa msewu wa M1, tinene pakati pa Lilongwe ndi Dedza, akudziwa mantha amene galimoto ya diso limodzi imabweretsa. Umaona kuwala kumodzi kutsogolo n'kumati ndi njinga yamoto, n'kudzazindikira yafika kale pafupi kuti ndi lole ndipo theka lake lili mbali yako. Ena amabwera ndi magetsi othobwa m'maso, moti wakabaza kapena mayi amene wasenza mtolo m'mphepete mwa msewu sumuona n'komwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti mavuto ambiri a magetsi a galimoto ndi aang'ono: babu lapsa, fuyuzi yaduka, kapena waya wadyedwa ndi dzimbiri. Zambiri mwa izi mwini galimoto atha kuzipeza yekha pakhomo, bola adziwe koyambira.

Dziwani kaye njira imene magetsi amadutsa

Mphamvu imachokera ku batire la 12 volts, lomwe limatchajidwa ndi alteneta injini ikamalira. Kuchoka pa batire, magetsi amadutsa pa fuyuzi, n'kufika pa swichi imene mumapotokola pafupi ndi chiwongolero. Kwa magetsi akuluakulu a kutsogolo, swichiyo nthawi zambiri simanyamula mphamvu yonse. Imangodzutsa kabokosi kotchedwa relay, ndipo relay ndi imene imalumikiza waya wonenepa wopita ku babu. Kaphokoso koti "tha" kamene mumamva mu boneti mukayatsa magetsi ndi relay imeneyo.

Chimene ambiri sachidziwa ndi ulendo wobwerera. Magetsi akadutsa m'babu sabwerera ku batire pa waya wautali ayi. Amalowa m'chitsulo cha thupi la galimoto kudzera pa kawaya kafupi komangidwa ndi bawuti, ndipo thupilo ndi lolumikizidwa ku mutu wa negative wa batire. Amakaniko amati ethi. Sungani mawu amenewa, chifukwa zodabwitsa zambiri za magetsi a galimoto zimachokera pamenepa.

Choyamba: zungulirani galimoto muli awiri

Chitani izi madzulo kukamachita chisisira. Mnzanu akhale pa chiwongolero, inu muzizungulira. Ayatse pakingi, muone kutsogolo, kumbuyo ndi kagetsi kounikira nambala. Kenaka dimu, fulu, indiketa ya kumanzere, ya kumanja, ndi hazadi. Aponde buleki: magetsi ofiira awiri ayake mowala kuposa a pakingi, pamodzi ndi lachitatu la pamwamba ngati lilipo. Poyesa rivesi, injini ikhale yozima, kiyi ali pa ON, handibuleki itakokedwa, ndipo inu muime chapambali, osati kumbuyo kwenikweni. Ngati muli nokha, imikani galimoto chambuyo pafupi ndi khoma, mudzaona kufiira kwa magetsi a buleki pakhomapo kudzera pa galasi loonera kumbuyo.

Chachiwiri: mvetsani chimene vutolo likukuuzani

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama pogula zinthu zimene sizinaonongeke.

Ngati lathima getsi limodzi lokha, yambani kukaikira babu kapena pulagi yake. Ngati athima onse awiri nthawi imodzi, mababu awiri sapsa limodzi kawirikawiri, ndiye onani fuyuzi, relay kapena swichi. Komabe galimoto zambiri za ku Japan zili ndi fuyuzi ya hedilaiti ya kumanzere payokha ndi ya kumanja payokha, choncho ngakhale diso limodzi litha kukhala nkhani ya fuyuzi.

Indiketa ikamaphethira mofulumira kuposa masiku onse, babu limodzi la mbali imeneyo lapsa, kutsogolo kapena kumbuyo. Galimoto inapangidwa dala kuti izikuchenjezani motero.

Mukaponda buleki, n'kuona indiketa kapena magetsi a pakingi akuyaka mwa chizimezime, kapena getsi lina likuthima pamene lina layaka, ameneyo ndi ethi. Magetsi asowa njira yawo yobwerera, ndiye akudutsira m'mababu a anzawo.

Magetsi onse akamafooka injini ikamalira pang'onopang'ono, n'kuwala mukaponda mafuta, vuto lili ku batire kapena alteneta. Mukayeza ndi mita yoyezera magetsi pa mitu ya batire, batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6 volts injini itazima, ndipo injini ikamalira liyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Likapitirira 15, alteneta ikutchaja mopyola muyeso, ndipo n'chifukwa chake mababu akumapsa pafupipafupi.

Magetsi a buleki ali ndi swichi yawoyawo pamwamba pa chopondera. Akakana onse kuyaka fuyuzi ili bwino, suzumirani pamenepo. Pa galimoto ya otomatiki, swichi imeneyi ikafa giya imakananso kuchoka pa P. Nthawi zina zimachitika mosemphana: magetsi a buleki osathima usiku wonse mpaka batire kutha. Kawirikawiri ndi kapulasitiki kakang'ono kamene kamakankha swichiyo kamene kaphwanyika ndi ukalamba, ndipo tizidutswa take mumatipeza pa kapeti.

Chachitatu: fuyuzi

Mabokosi a mafuyuzi amakhala awiri, lina mu boneti pafupi ndi batire, lina pansi pa dashibodi. Kuseri kwa chivundikiro kuli chithunzi chosonyeza ntchito ya fuyuzi iliyonse: HEAD kapena H-LP ndi ya mahedilaiti, TAIL ndi ya pakingi ndi kumbuyo, STOP ndi ya buleki, TURN kapena HAZ ndi ya maindiketa. Zimitsani zonse, zulani fuyuziyo, muiyang'ane poyera. Kawaya ka m'kati kakaduka, yapsa.

Bwezerani ya nambala yomweyo. Mitundu imathandiza: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Chonde musaikepo yaikulu, ndipo musamange ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya monga amachitira ena. Fuyuzi inaikidwa kuti ipse iyo m'malo mwa mawaya. Mukaichotsera ntchito imeneyi, chimene chidzapse ndi mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi, mwinanso galimoto yonse. Fuyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wodziwa zamagetsi a galimoto.

Relay ndi yosavuta kuyesa. Ngati m'bokosimo muli ina yofanana nayo nambala, monga ya hutala, zisinthanitseni kwa kanthawi muone ngati magetsi ayaka.

Chachinayi: kusintha babu

Musagule babu pongotchula dzina la galimoto. Vitz, Sienta kapena Fit za chaka chimodzi zitha kukhala ndi mahedilaiti osiyana. Chotsani lakalelo mupite nalo ku shopu. Nambala yake yalembedwa pa tsinde. Lodziwika kwambiri ndi H4, la mano atatu, lomwe lili ndi timawaya tiwiri m'kati: 55W ya dimu ndi 60W ya fulu. N'chifukwa chake dimu itha kufa fulu ikuyakabe pa babu lomwelo. Ena ndi H7, H11, HB3 ndi HB4. Kumbuyo, babu la buleki ndi pakingi nthawi zambiri limakhalanso limodzi la timawaya tiwiri, 21W ndi 5W.

Zimitsani magetsi, dikirani babu lizizire, tsegulani boneti. Kuseri kwa hedilaiti zulani pulagi, chotsani chivundikiro cha labala, masulani kawaya kokhala ngati sipuling'i kamene kamapanikiza babu, kenaka litulutseni. Mababu a H11, HB3 ndi HB4 alibe sipuling'i, amangopotokoledwa pang'ono n'kutuluka. Latsopano ligwireni pa tsinde. Mababu onsewa ndi a mtundu wotchedwa halogen, ndipo galasi lake silifuna zala: mafuta a pakhungu amatsalira pagalasipo, malowo amatentha kwambiri ndipo babu silikhalitsa. Mukaligwira mwangozi, lipukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa ndi spirit. Babu limakhala malo ake njira imodzi yokha. Likakhala mopendekeka liyakabe, koma kuwala kudzapita m'mitengo kapena m'maso mwa anzanu. Bwezerani labala uja bwinobwino, chifukwa ndi amene amatchinga fumbi ndi madzi. Ine ndimakonda kusintha onse awiri nthawi imodzi, lakale labwinolo n'kulisunga m'galimoto. Mababu amene anayamba ntchito limodzi amathanso motsatana.

Magetsi a kumbuyo mumawafikira kudzera mu buti, kapena pomasula masikuluwu awiri n'kukoka getsi lonse.

Chenjezo lalikulu lili pa magetsi oyera okhala ngati abuluu a HID, amene mababu ake amalembedwa D2S, D2R, D4S kapena D4R. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera nawo. Kabokosi kake, ballast, kamatulutsa mphamvu yoposa 20,000 volts poyatsa. Amenewa musawagwire magetsi ali oyaka, ndipo ngati simunachitepo, asiyireni odziwa. Galimoto zina zatsopano zili ndi LED yomangidwira m'hedilaiti momwemo, yopanda babu losintha.

Ndinenepo za mababu a 100W amene amagulitsidwa ponena kuti amawala kwambiri. Babu la 55W limakoka pafupifupi 4.5A, la 100W limapitirira 8A, pa mawaya ndi pulagi zimene sizinapangidwire katundu wotero. Zotsatira zake ndi pulagi yosungunuka ndi chonyezimira cha m'kati chopserera. Mababu a LED oikidwa m'hedilaiti yopangidwira halogen nawonso nthawi zambiri amamwaza kuwala paliponse. Woyendetsa amaona ngati zinthu zasintha chifukwa pafupi pawala mbee, koma kutali saona bwino, ndipo amene akukumana naye amathobwa m'maso. Pa misewu yathu, pamene njinga, ngolo ndi anthu oyenda pansi akugawana phula lomwelo ndi galimoto, masekondi awiri a dalaivala wothobwa ndi okwanira kupha munthu.

Chachisanu: pulagi ndi ethi

Babu ndi fuyuzi zikakhala bwino, yang'anani soketi. Mukaona zobiriwira kapena zoyera ngati phulusa, palani ndi sandipepa wosalala mpaka chitsulo chiwale. Tsatirani kawaya kamene kamangidwa ku thupi la galimoto pafupi ndi getsilo, masulani bawuti, palani dzimbiri, mangani mwamphamvu n'kupakapo girisi pang'ono pamwamba. Tesita ya babu, kachipangizo kotchipa kokhala ndi kababu kamene kamayaka pakakhala magetsi, imathetsa mkangano: mukaigwiritsa ku chitsulo n'kukhudza waya wa soketi magetsi ali oyatsa, ikayaka ndiye kuti mphamvu ikufika ndipo vuto ndi ethi kapena soketi, ikapanda kuyaka, bwererani chakumbuyo ku fuyuzi, relay ndi swichi.

Chachisanu ndi chimodzi: magalasi achikasu ndi madzi

Magalasi a mahedilaiti a masiku ano ndi pulasitiki, ndipo dzuwa limawasandutsa achikasu ngati ali ndi ng'ala. Babu latsopano silingathandize kuseri kwa galasi lotero. Matani tepi pa penti yozungulira, kwechani ndi sandipepa wonyowa wa 1000, kenaka 2000, kenaka 3000, mukuthira madzi nthawi zonse. Pukutani ndi polishi mpaka liyere, ndipo malizani ndi mankhwala oteteza ku dzuwa opangidwira magalasi amenewa. Mukadumpha gawo lomalizali, chikasu chimabwerera pakangopita miyezi yochepa. Mankhwala otsukira mano amayeretsako pang'ono, koma kwa kanthawi chabe.

Nthunzi yochepa m'kati mwa getsi m'nyengo ya mvula kapena ya chiperoni imatha yokha magetsi akayaka. Madzi odikha pansi ndiwo vuto: pali mng'alu kapena labala sanakhale bwino.

Chachisanu ndi chiwiri: kulozetsa mahedilaiti

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limasiyanitsa galimoto younikira msewu ndi younikira nkhope za anthu. Pezani malo athyathyathya okhala ndi khoma, matayala akhale ndi mpweya wokwanira. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pakati pa hedilaiti, mulembe mzere wa choko pakhoma pa msinkhu womwewo. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhomapo, itayang'ana molunjika, muyatse dimu.

Pa hedilaiti zambiri pamalembedwa 1% kapena 1.2%. Tanthauzo lake n'lakuti pa mamita 10, malire a kuwala akhale masentimita 10 kapena 12 pansi pa mzere wanu uja. Popeza kuno timayenda kumanzere, monganso ku Japan, Zambia, Mozambique ndi South Africa, malirewo amakhala ogona mbali ya kumanja ndipo amakwera chakumanzere, kuti muone m'mphepete mwa msewu osathobwa amene akubwera. Mukaona akukwera chakumanja, hedilaitiyo inapangidwira maiko oyenda kumanja ndipo kupotokola masikuluwu sikungaikonze, iyenera kusinthidwa.

Kuseri kwa hedilaiti kuli masikuluwu awiri, ina yokweza ndi kutsitsa, ina ya kumanja ndi kumanzere. Mnzanu aime kutsogolo kwa getsi limodzi pamene mukukonza linalo, ndipo potokolani pang'onopang'ono mukuyang'ana pakhoma.

Musanakhudze masikuluwu, onani ngati pafupi ndi chiwongolero pali kagudumu kolembedwa manambala kuyambira pa 0. Kakhale pa 0 pamene mukuyeza. Ntchito yake ndi ya tsiku limene mwanyamula matumba a chimanga kapena anthu odzaza kumbuyo: galimoto imakhala pansi chakumbuyo, mphuno n'kudzuka, ndipo dimu imasanduka ngati fulu kwa amene mukukumana nawo. Pamenepo kwezani nambala kufika pa 2 kapena 3 kuti kuwala kutsike, ndipo mukatsitsa katundu bwezerani pa 0.