Kupeza chimene chikuchedwetsa query ya ORM mwa apo ndi apo

Pulogalamu ya Django yolankhula ndi database ya PostgreSQL kudzera mu ORM (gawo losandutsa code yanu kukhala ma query a SQL) ikuyenda bwino, koma nthawi zina tsamba limaima masekondi angapo. Musanayambe, khalani ndi chilolezo chosintha makonzedwe a database ndi kuwerenga log.

1. Mu makonzedwe a PostgreSQL, ikani log_min_duration_statement pa 500 (mamilisekondi). Query iliyonse yofika theka la sekondi idzalembedwa.
2. Yerekezerani log ndi nthawi ya madandaulo. Seva ikakhala pa UTC, 14:00 ya kuno ku Lusaka muipeza pa 12:00.
3. Log ikakhala zii koma tsamba likuchedwabe, werengani ma query ake. Mizere 200 ikabala ma query 201, imeneyo ndi N+1: query imodzi yotenga mizere, kenako ina pa mzere uliwonse. Mu Django, select_related kapena prefetch_related amathetsa.
4. Vuto likangoyamba, onani wait_event_type (chimene query ikudikira) mu pg_stat_activity, mndandanda wa zimene database ikuchita panthawiyo. Mukaona Lock, query ilibe mlandu, ikudikira transaction ina imene yatsekera data imene ikufuna.
5. Yesani query yochedwayo ndi EXPLAIN ANALYZE, lamulo loonetsa njira imene database yatsata ndi nthawi imene yatenga.

Pa 5 ndi pomwe ambiri amaphonya. Amayesera pa laputopu ya mizere 50, zonse n'kuoneka bwino, pamene kasitomala wa mizere miliyoni akugwera mu Seq Scan (kuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere). Gwiritsani ntchito ma parameter enieni a mu log, pa data yaikulu ngati ya pa seva. EXPLAIN ANALYZE imachitadi query, choncho UPDATE muiike pakati pa BEGIN ndi ROLLBACK kuti zosinthazo zisasungidwe.