Momwe Mungayambire Nkhani Yopeka ndi Kuifikitsa kwa Osindikiza

Choyamba, sankhani mpangankhani mmodzi amene akufuna chinthu china chake, ndipo yambirani pamene chinthucho chayamba kumuvuta. Alembi ambiri ongoyamba kumene amataya owerenga m'ndime yoyamba chifukwa amatsegula ndi kulira kwa tambala, kutuluka kwa dzuwa ndi mbiri yonse ya munthuyo kuyambira tsiku lobadwa. Ngati nkhani yanu ndi ya mayi wamasiye amene akulandidwa chuma, chiganizo choyamba chipeze alamu ake ali padenga akuzula malata, ndipo za momwe mayiyo adakwatiwira zibwere pang'onopang'ono pamene zafunikira. "Padangokhala" amakoma madzulo pabwalo chifukwa pali ena oyankha kuti "tili tonse", koma wowerenga nyuzipepala akatopa amangotembenuza tsamba.

Lembani mpaka kumapeto musanayambe kukonza. Mukamaliza, isungeni kwa masabata angapo, kenaka muiwerenge mokweza kuti mumve ziganizo zopunthwitsa lilime ndi zokambirana zomwe munthu weniweni sangayankhule. Miyambi ikachuluka ichepetseni, pakuti umodzi woikidwa pamalo pake umakwana. Olemba m'Chichewa atsate malamulo a kalembedwe a 1990, ndipo pa mawu okayikitsa afunse mtanthauziramawu wa Centre for Language Studies ya ku Zomba.

Musathamangire buku. Yambani ndi nkhani zazifupi zotumiza ku nyuzipepala za kumathero a sabata monga Weekend Nation ndi Malawi News, mutawerenga kaye zomwe zatulukamo kale kuti mudziwe kutalika kwake, ndipo nkhani imodzi musaitumize kwa akonzi awiri nthawi imodzi. Tcherani khutu ku mipikisano yomwe bungwe la alembi la Malawi Writers Union limalengeza. Olemba m'Chingerezi angayesenso Commonwealth Short Story Prize, womwe kulowa kwake n'kwaulere ndipo umalandira nkhani za mawu 2,000 mpaka 5,000.

Buku likakonzeka, funsani kaye makampani osindikiza mabuku monga Dzuka, CLAIM kapena Montfort Media ya ku Balaka ngati akulandira nkhani zopeka, chifukwa msika waukulu wa mabuku m'dziko muno ndi wa sukulu. Akavomera, werengani mgwirizano mwachifatse musanasayine, makamaka pa gawo la ndalama zomwe muzilandira pa buku lililonse logulitsidwa, zaka zomwe kampaniyo idzakhale ndi ufulu wolisindikiza, ndi zomwe zidzachitike likatha pamsika.

Ngati mwasankha kulipira nokha kuti buku lisindikizidwe, lembani mkonzi ganyu, chifukwa mwini nkhani saona zolakwa zake. Nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku pamsika, mukaipeza ku National Archives of Malawi ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiye kope la bukulo likatuluka, ndipo mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti muzilandirako kena kake ena akamachita fotokope ntchito yanu.